Mipando Panja pa Holo ya ku Kabwata

Ine sinditaya pepala. Anthu a mumzere wathu ku Chilenje amadziwa zimenezi, ndipo ena amaseka. Aseke. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu rejisitiri, chipinda chosungiramo makalata ndi mafayilo, pakampani ina ya boma imene inkagawa katundu m'masitolo. Kalata ikafika ndinkaidinda tsiku, kuilemba nambala pakona ndi inki yofiira, kuiboola, kenaka kuimangirira mu fayilo yake. Munthu akabwera kudzafunsa za tchuthi chimene anatenga zaka khumi zapitazo, ndinkamupezera pepala lake asanakhazikike n'komwe pampando.

Zipani zitachuluka m'dziko muno, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ndipo yathu sinachedwe. Makalata otichotsa ntchito tinalandira tsiku limodzi, Lachisanu, aliyense yake mu envulopu yakhaki. Amene anawadinda makalatawo ndine, pakuti inali ntchito yanga. Zinandiwawa, koma chimene chinandikwiyitsa zedi chinabwera patapita miyezi ingapo. Ndinagula mtedza wokazinga pamsika wa Chilenje, ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira mu fomu ya tchuthi ya dalaivala wathu wina. Nambala yofiira ya pakona inali yolemba dzanja langa. Eni ake atsopano anali atatulutsa mafayilo onse n'kuwaunjika pabwalo, amayi a m'misika n'kumatola okulungira mtedza ndi vitumbuwa.

Amayiwo sindiwaimba mlandu. Kwa iwo pepala linali pepala basi. Ndinatenga milu ya manyuzipepala akale imene ndinali nayo kunyumba, ngakhale kuti kuipereka kunandipweteka, n'kuyamba kuzungulira misika ya Chilenje, Libala ndi Kabwata ndikusinthanitsa: inu tengani nyuzipepala, ine ndipatseni mafomuwo. Ndinapulumutsa makatoni atatu. Munali mafomu, tizithunzi ta nkhope ta pa ziphaso za antchito, zithunzi za tsiku la apantchito tikuguba mumsewu, ndi makope a kaboni a makalata otichotsa aja. Chidindo changa chenicheni ndinachipeza kwa mayi wina wa tomato, akupsinjira nacho mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Mkazi wanga ankati ndasanduka mbewa.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi. Ndinkafuna anzanga amene ndinagwira nawo ntchito aone mapepala amenewa ndi maso awo, avomereze pamaso pa anthu kuti tinalipo, kuti ntchito yathu inali ntchito. Ndinalembera manyuzipepala kangapo, koma sanasindikize ngakhale kalata imodzi. Makope ake ndili nawo. Anzangawo nawo ankandithawa. Wina anali akugulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, wina akulondera nyumba za anthu ku Kabulonga, ena anabwerera kumudzi, ena anamwalira. Ndikakumana nawo m'tauni n'kutchula makatoni, ankayang'ana kumbali n'kuyamba nkhani ya mpira. Mwamuna wochotsedwa ntchito sakonda kukumbutsidwa. Zaka zinapita choncho.

Amene anasintha zinthu ndi mwana wa mlongo wanga. Anali mayi wamkulu kale, mphunzitsi wa zojambulajambula pasukulu ina ku Woodlands, ndipo kamera sinkachoka m'khosi mwake. Anabadwira mu Lusaka momwemuno, ndiye Chinyanja chake ndi cha m'tauni, chimene ndinatopa nacho kuchikonza. Lamlungu lina anandipeza pakhonde ndikupukuta fumbi m'makatoni.

"Ba malume, makatoni aya muzafa nayo?"

"Ndidzafa nawo, ndipo ukadzawataya ndidzakubwerera kutulo."

"Nipatseniko. Nifuna bantu baloweko mukati mwa mapepala aya."

"Alowe bwanji? Pepala si nyumba."

"Lizankhala nyumba. Muzaona."

Anafotokoza kwa nthawi yaitali, manja ali m'mwamba. Ankafuna chipinda chamdima, nsalu zoyera zolendewera, zithunzi zoponyedwa pansaluzo ndi pulojekita, ndi mawu ochokera kumakona onse, kuti munthu asaime patali n'kumayang'ana ngati m'kanema, koma ayende pakati pa zinthuzo. Sindinamvetse zambiri. Chimene ndinamva n'chakuti anzanga aja adzaitanidwa. Ndinavomera, koma ndinanenetsa kuti pepala lililonse silichoka pakhomo panga. Akafuna, azidzajambulira pakhonde pomwepa, ine ndili pomwepo.

Anabwera Loweruka katatu kotsatizana. Apa m'pamene ndinayamba kumulemekeza mwanayu, chifukwa ndinkayembekezera chipwirikiti cha achinyamata. Asanakhudze pepala ankayamba wasamba m'manja n'kupukuta bwinobwino. Ankayala pepala pathabwa, n'kudikira mtambo uphimbe dzuwa kuti kuwala kusanyezimire, ndipo nthawi zina tinkakhala chete mphindi zambiri tikuyang'ana kumwamba. Akajambula, ankalibwezera pamalo pomwe analichotsa, osati pamwamba pa mulu. Pa zaka zanga zonse mu rejisitiri ndinaphunzitsa makalaliki ambiri, ndipo amene ankabwezera pepala pamalo pake osauzidwa sanakwane zala za dzanja limodzi.

Tinakangana kamodzi. Pojambula makalata otichotsa ntchito, iye ankaphimba dzina la mwini wake ndi kachidutswa ka pepala.

"Ukuchita chiyani? Kalata yopanda dzina si kalata. Ndi chinyalala."

"Ba malume, muntu azabwela na mukazi wake na bana. Mufuna dzina lake likule monga chitseko, pansi pake palembedwe ati nchito yanu yasila?"

"Koma ndi zoona. Zinalembedwa."

"Mwine wake azaiziba. Bena sibafunika kuziba."

Ndinakwiya tsiku lonse, koma usiku ndisanagone ndinaona kuti anali kulondola. Chimene ndinakana kugonja ndi tsiku ndi nambala ya pakona. Zimenezo anazisiya zikuoneka.

Loweruka lachitatu anabwera ndi wailesi ya kaseti n'kundipempha kuti ndidinde. Ndinatenga chidindo, kuchigunda pa inki, kuchigunda papepala. Du, du. Iye anatseka maso.

"Osathamanga. Dindani monga pa Mande m'mawa, tiyi ikali kubwela."

Ndinadinda.

"Manje dindani monga pa Chisanu chija."

Ndinati palibe kusiyana, chidindo ndi chidindo. Koma atandibwezera kaseti kuti ndimve, kusiyana kunalipo. Pa Lolemba dzanja linkagwa lokha, mopepuka. Pa Lachisanu panali kampata pakati pa inki ndi pepala, ngati munthu amene wafika pakhomo koma akuzengereza kugogoda. Sindinkadziwa kuti dzanja langa linasunga zimenezo. Iye anadziwa bwanji kuti afunse, mpaka lero sindidziwa.

Panalinso nyimbo. Pa tsiku la apantchito tinkaguba tikuimba nyimbo ina yothamanga, yodzitama, yonena kuti dziko likuyenda ndi manja athu. Mwanayu anapempha amayi anayi a kwaya ya ku Libala kuti aing'ung'udze pang'onopang'ono, opanda mawu, ndipo anaijambula pakaseti. Nditaimva ndinadandaula kuti nyimbo yoguba waisandutsa yokwawa. Anangoti, "Ni yomweyo, ba malume, yakalamba chabe."

Nsalu anakasoketsa kwa telala wina wachisilamu wa pamsika wa Kabwata, munthu wofatsa amene makolo ake anachokera ku Malawi. Ndinamuperekeza. Telalayo anatambasula nsalu yoyerayo, kuiyeza ndi tepi, n'kutiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Mayi, nsalu yoyera yaitali chonchi kwathu timati sanda. Timakulungira maliro."

Mwanayu anaseka n'kunena kuti ndi yoonetserapo zithunzi.

"Ine ndangonena," anatero telalayo, n'kuyamba kupinda m'mphepete.

Makalata oitanira anthu ndinalemba ndekha pataipi, ndi kaboni, n'kukawapereka pamanja. Ndinakwera minibasi mpaka ku Chelstone, ndinayenda pansi Libala yense. Ndinalemba kuti akuitanidwa, iwo ndi mabanja awo, ku mwambo wokumbukira kampani yathu ndi anzathu, Loweruka, 2 koloko masana. Kope lake ndili nalo, ndipo ndikaliwerenga lero ndimaona kuti mawu akuti mwambo wokumbukira anzathu anali kale ndi fungo lake. Nthawi imeneyo sindinalimve.

Malo tinapeza kaholo ka mpingo wina ku Kabwata. Anatibwereka tsiku limodzi lokha, ndipo woyang'anira holoyo ananena momveka kuti pofika 5 koloko tikhale titachoka, chifukwa kwaya imadzaphunzira nyimbo za Lamlungu. Pulojekita zitatu zinali zobwereka, zoyenera kubwezedwa Lolemba. Mwayi wachiwiri panalibe.

Tinayamba m'mawa. Mawindo tinatseka ndi mabulangete. Tinamanga mawaya kuchoka khoma lina kufika lina, n'kupachika nsalu m'mizere, kusiya tinjira toti munthu adutse pakati. M'makona anayi munali mawailesi a kaseti. Pansi mwanayu anapaka polishi wofiira uja wa m'maofesi, ndipo ananena kuti mphuno imakumbukira msanga kuposa maso. Kenaka anati mipando yonse ituluke, chifukwa anthu akakhala pansi sadzayenda. Tinanyamula mipando ndi mabenchi n'kukaziika pansi pa mtengo wa mango panja. Ine ndemwe ndinanyamula nawo, munthu wa imvi, woyenda maliro osawerengeka, ndipo palibe chimene chinandigunda m'mutu.

Anthu asanafike, mwanayu ananditengera mkati kuti ndiyambe ndine. Anatseka chitseko. Poyamba munali mdima ndi fungo la polishi, ndipo ndinangoona kuti ndaongola msana ngati ndikulowa muofesi. Kumbuyo kwanga kunamveka taipi ikulira. Kenaka pansalu yoyamba panaoneka nkhope ya mnyamata wa kusitolo yathu yaikulu, kachithunzi kaja kochepa ngati sitampa, tsopano katalika kuposa ine. Kamphepo kolowera pansi pa chitseko kankagwedeza nsalu, ndipo nkhopeyo inkaoneka ngati ikupuma. Ndinayenda. Nkhope zinkasinthana kumanja ndi kumanzere, ndipo kutsogolo kunkachokera mawu a amayi aja, otsika kwambiri. Nditafika pakati, chidindo chinayamba kugunda, cha Lolemba chija, chopepuka. Pamzere wotsiriza chinasintha. Pamenepo pulojekita anaiika moti kuwala kwake kumadutsa panjira, ndipo nditaima ndinaona kalata yotichotsa ntchito italembedwa pamalaya anga, tsiku lake lili pachifuwa, nambala yofiira ili paphewa.

Ndinatuluka ndikuphethira. Mwanayu anali kundiyang'ana, kudikira.

"Nambala ya pakalata yachitatu yapendekeka," ndinatero.

"Yes, ba malume," anayankha, akumwetulira, ndipo anapita kukaiongola.

Anthu anayamba kufika itangodutsa 2 koloko, ambiri kuposa amene ndinkayembekezera. Tsopano taganizani chimene anaona atalowa pageti. Mipando yonse ili panja pansi pa mtengo. Mawindo atsekedwa ndi mabulangete. Mkati mukuchokera mawu a amayi akuimba motsitsa. Kuno kwathu nyumba ikatulutsidwa mipando tanthauzo lake ndi limodzi. Amayi amalowa mkati kukakhala pansi ndi ofedwa, abambo amakhala panja.

Abambo anavula zipewa, napita mwakachetechete kukakhala pamipando ija. Amayi anatsegula zikwama, kutulutsa zitenje, kumanga m'chiuno, kuvula nsapato pakhomo, n'kulowa atawerama. Woyamba kulowa anali mayi wamasiye amene mwamuna wake anali wosunga makiyi a sitolo yaikulu. Atangoponda mkati anakweza mawu kulira, anzake n'kumulandira. Anthu odutsa mumsewu anayamba kupatuka. Bambo wina amene sindinkamudziwa n'komwe anandifunsa ngati nkhuni zabwera kale.

Dalaivala uja, mwini fomu ya mtedza, anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndi munthu wa ku Luapula, wamtali, wa mawu aakulu, koma apa ankanong'ona popereka moni wa kwawo.

"Shani, ba rejisitiri. Pepani maningi. Nindani watisiya?"

"Palibe amene wamwalira."

"Awe, ba mudala, osatibisa. Mipando ili panja."

"Mipando ili panja chifukwa mkati mukufunika malo oyendamo. Ndi chionetsero. Zithunzi ndi nyimbo. Lowani mukaone."

"Tilowe mwamene muli bazimai balila? Imwe ba rejisitiri, mwatiyesa bana?"

Ndinatulutsa kope la kalata yoitanira ija, kuima pamaso pa abambo onse, n'kuiwerenga mokweza. Nditafika pa mawu akuti kukumbukira anzathu, onse anagwedeza mitu mwachisoni. Ndinafotokozanso kachiwiri, ndi kachitatu. Ankandimvetsera mwaulemu ngati mmene timamverera wofedwa akamalankhula zosalongosoka. Ndinamva wina akuuza mnzake kuti, "Musiyeni mudala, chisoni chamusokoneza." Wina anandibweretsera mpando kuti ndikhale.

Sindinakwiyepo chotero chichokereni tsiku la mtedza. Zaka zonsezi ndikuwasakasaka anthu awa, lero abwera okha, akhala mayadi khumi kuchokera pa nkhope zawo, ndipo sakulowa. Wotchi yanga inati 3 koloko, kenaka hafu pasiti. Ena anali atayamba kale kuyang'ana kugeti, chifukwa pamaliro munthu ukakhala ola limodzi waonekera, ukhoza kupita.

Mwana wa mlongo wanga anatuluka, thukuta lili chuchuchu. Ndinamukokera kuseri kwa holo.

"Zimitsa nyimbozo. Tsegula mawindo. Tibwezere mipando mkati, anthu aone kuti kulibe maliro."

"Sinizazimya."

"Ukuti chiyani?"

"Ba malume, muli bazimai batatu baona bamuna bao bamene banamwalila. Umozi agwilila nsalu. Nizabauza ati mwalakwisa, nyamukani, iyi ni art? Sibanalakwise. Ni ine sininazibe chamene napanga."

"Nanga abambowa? Ndi amene tinawapangira."

"Niziba. Bapezeleni njila. Imwe ndimwe bakulu."

Anabwerera mkati kukasintha zithunzi. Ndinatsala nditaima ndi pepala langa m'manja. Ndiyenera kunena kuti pa mphindi imeneyo ndinamuona ngati mwana wamwano. Lero ndimaona kuti pa tonsefe ndi iye yekha amene anamvetsa chimene chinali kuchitika, ndipo analimba mtima kuisiya ntchito yake kuti ipite kumene anthu anaitengera.

Telala uja anali atatseka makina ake kudzaona mmene nsalu zake zakhalira. Anali ataima chapatali, manja kumbuyo, ndipo zonse anazimva. Anandiyandikira.

"Achimwene, ine za mwambo wa kutchalitchi sindizidziwa bwino. Koma pamaliro a kwanu, amuna saloledwa kuyandikira mpaka mapeto?"

"Amayandikira. Pa nthawi yoona nkhope."

"Eya," anatero, n'kubwerera pamene anaima.

Ndinaganiza pang'ono. Pa moyo wanga sindinalembepo bodza papepala, ndipo sindinkafuna kuyamba kulinena pakamwa nditakalamba. Koma ndinapeza kuti bodza panalibe. Mkatimo munali nkhope, ndipo zina mwa izo zinali za akufa. Ndinapinda pepala lija, kuliika m'thumba, kumanga mabatani a jekete, n'kukaima pakhomo la holo. Ndinalankhula ndi mawu aja amene amalankhulira woyendetsa mwambo wa maliro, osakweza, osathamanga.

"Azibambo, zikomo chifukwa cha kudekha kwanu. Nthawi yoona nkhope yakwana. Tiyambe ndi akuluakulu. Mzere umodzi, chonde, tilowere kumanja, titulukire kumanzere."

Onse anaimirira nthawi imodzi. Palibe amene anafunsa funso. Anthu a msinkhu wathu mzere tinauphunzira bwino m'masiku osowa ufa ndi sopo, ndiye unaongoka wokha. Zipewa zili pachifuwa, analowa mmodzimmodzi, dalaivala uja ali patsogolo, ine ndili pambali pake.

Amayi anali atakhala pansi m'mbali mwa makoma, miyendo atatambasula, kulira kutatsika. Abambo anayenda mzere woyamba ali chete, akufunafuna bokosi ndi maso. M'malo mwake anakumana ndi nkhope ya mnyamata wa tsitsi lalitali lofufuma, kolala yotambalala ngati mapiko. Dalaivala anaima mwadzidzidzi moti wa kumbuyo anamugunda.

"Iye! Uyu ni ine! Onani sisi, mwe bantu!"

"Unali na sisi iwe?" anatero wina kumbuyo. "Inayenda kuti?"

"Inayenda na kampani!"

Kuseka kunabuka mumdimamo, ndipo ngakhale amayi ena olira aja anaseka akupukuta misozi. Apa m'pamene abambo anazindikira kuti bokosi kulibe, koma panalibe amene anatembenuka kuti atuluke. Anayenda pang'onopang'ono, akuloza, akuitanana. Wina anayamba kununkhiza m'mwamba n'kunena kuti muno mukumveka ofesi ya akaunti. Chapakati, bambo wina wokalamba amene anali makanika anaima n'kutchera khutu kwa amayi a pakaseti. Anayamba kuika mawu panyimboyo, motsitsa, pa liwiro lomwelo lokwawa. Ena anamutsatira. Nyimbo imene tinkaimba tikuponda msewu ndi nsapato zopolisha inamveka ngati ya kumanda, koma mawu ake onse anali omwe aja odzitama, ndipo palibe amene anawasintha.

Pamzere wotsiriza kuseka kunatha. Kalata ija inagwera pamalaya a dalaivala, ndipo anayesa kuisasa ndi dzanja ngati fumbi asanazindikire chimene inali. Chidindo cha Lachisanu chinali kugunda pakona. Anamvetsera, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Aba ni imwe."

"Ndine."

"Na yanga munadinda?"

"Zonse. Yanga ndinaidinda pomalizira."

Anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka tinafika pakhomo lotulukira. Pamenepo, m'malo motuluka, anakhota n'kukalowanso kumchira kwa mzere.

Ulendo wachiwiriwu zinthu zinasintha. Mwana wa mlongo wanga anali atakonza kuti chithunzi chilichonse chikhale kanthawi kofanana, mogwirizana ndi kaseti, ndipo anayeserera zimenezi masiku ambiri. Koma nkhope ina itaoneka, makanika uja anakweza dzanja.

"Imikani apo, mayi. Uyu tinagwira naye ntchito mugalaji. Injini ankaimva ndi khutu, osatsegula boneti. Anamwalira kumudzi, ife osamva. Tinamva patapita chaka."

Mwanayu anaimika. Anatsitsa mawailesi onse, n'kusiya amayi ong'ung'udza okha chapansipansi. Makanika atamaliza, wina anawonjezera kuti malemuyo ankabisa shuga m'bokosi la masipanala, anthu n'kuseka. Kenaka dalaivala anati, "Pitilizani," chithunzi n'kusintha. Kuyambira apo zinayenda choncho. Nkhope ikaoneka, amene akuidziwa ankanena kuti ndi yani, ankagwira chiyani, ali kuti lero. Mwini nkhope akakhala kuti ali momwemo, ankamukankhira kutsogolo kuti aime pafupi ndi unyamata wake, anthu amuone kawiri. Amayi amasiye ankalankhulira amuna awo ali pansi pomwepo. Dongosolo lonse limene mwanayu anavutikira linatayika, ndipo iye anangogwada pafupi ndi pulojekita, akuikupiza ndi katoni kuti isatenthe, kudikira mawu akuti pitirizani.

5 koloko inakwana tisanamalize. Woyang'anira holo anafika ndi makiyi ake, a kwaya ali pambuyo pake. Anasuzumira mkati, anamvetsera pang'ono, n'kuuza a kwayawo kuti ayambe aphunzirira pansi pa mtengo. Kwa ine anangoti, "Malizani, bambo."

Chithunzi chotsiriza chinali cha mayi wina wochepa thupi, wovala duku, maso ake akuyang'ana pambali pang'ono ngati wojambula anamudzidzimutsa. Abambo anayang'anana. Wina anati mwina ndi wa kukantini, wina anakana. Makanika anati nkhopeyo akuidziwa koma sakudziwa kumene anaionera. Ndinaona manyazi akuyamba kuwagwira, anthu amene kwa ola lathunthu anali kudzitama kuti amadziwana onse.

"Ba rejisitiri?" anatero dalaivala.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinawauza dzina lake lonse. Ndinawauza kuti ndi amene ankasesa ndi kupaka polishi m'maofesi onse a pamwamba, kuti ankafika ife tisanadzuke n'kuchoka ife tikulowa, n'chifukwa chake sankamudziwa bwino. Ndinawauza chaka chimene analembedwa ntchito, ndiponso kuti pa zaka zake zonse anapempha tchuthi chapadera kamodzi kokha, mwana wake atagonekedwa m'chipatala. Kumene anapita atalandira envulopu yake sindinkadziwa, ndipo ndinanena kuti sindikudziwa.

Mayi wina pakati pa okhala pansi aja anayankha kuti amamuona, amagulitsa makala ku Chelstone pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo miyendo ikumuvuta. Dalaivala anafunsa kuti ndani ali ndi cholembera, alembe dzinalo ndi malowo. Zolembera ndinali nazo ziwiri, ndipo ndinamupatsa chimodzi.